Dzanja la Bambo ndi Kilatchi Yatsopano

1. Dzanja lamanzere

Kamphepo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzinali anamupatsa anzake akusukulu, chifukwa pa mpikisano wothamanga ankangoona msana wake basi. Atangomaliza mayeso a kusekondale, bambo ake anagwidwa ndi sitiroko, ndipo mkono wawo wamanzere unafooka.

Bambowo ntchito yawo inali yogawa mazira. M'mawa uliwonse ankatenga mathireyi kufamu ya nkhuku, n'kuwamanga pa njinga yamoto, n'kumakatula m'magolosale. Atadwala, Kamphepo anatenga ntchitoyo, poti laisensi anali nayo kale. Banja lonse linkadya za pa njingayo.

Madzulo alionse Kamphepo akaimika njinga kuseri kwa nyumba, bambo ake ankatuluka pang'onopang'ono n'kukhalapo, injini ili chizimire. Ankaika dzanja lodwala lija pa chogwirira cha kilatchi n'kuyamba kufinya. Mayi ankaima pambali n'kumawerenga mokweza.

Dokotala wa mafizo ndiye anawauza zimenezi. "Tsiku limene mudzafinye kamakumi awiri osapuma," anatero dokotalayo, "mudzabwere tidzakambirane zokweranso njinga."

Poyamba zala zinkakanika kufinya ngakhale kamodzi. Patapita miyezi isanu ndi iwiri, kunangotsala kawiri kuti akwanitse.

"Dzanja ili ndi waganyu waulesi," bambo ankatero akupukuta thukuta. "Limagwira ntchito pokhapokha kapitawo ali pomwepo."

"Ndiye kapitawoyo ndine?" mayi ankafunsa.

"Nanga n'kukhalanso wina?"

2. Pachitunda

Pa njira ya Kamphepo panali chitunda chachitali, ndipo pamwamba pake, pansi pa mtengo, pankakhala anyamata a njinga zamoto podikira anthu. Malole ankakwera chitundacho mokwawa. Kamphepo akakhala kumbuyo kwa lole sankafuna kuima kapena kutsitsa giya. Ankangofinya kilatchi theka, n'kumakoka moto, kudikira mpata woti adutse.

Lachinayi lina m'mawa mpata unapezeka. Anasiya kilatchi n'kukoka moto. Injini inalira kwambiri, koma njinga sinawonjezere liwiro. Anakokanso, ndipo kunangomveka fungo la chinthu chopserera. Mayi wina wobereka mwana, yemwe ankayenda pansi m'mbali mwa msewu, anafika pamwamba limodzi naye.

Anyamata aja anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

"Kulira ngati ndege, kuyenda ngati nkhono!" anakuwa mmodzi.

Wina, amene ankamutchula kuti Mkokomo chifukwa cha phokoso la njinga yake, anabwera pafupi. Iyeyu anaphunzira kalasi imodzi ndi Kamphepo.

"Asiye amenewo," anatero. "Kilatchi yako yatha, ikuterereka. Ukagule mapuleti atsopano. Masipuling'i ine ndili nawo olimba, a njinga za mpikisano, ndikupatsa ulere. Tikakuikira amenewo, onse akusekawa azidzangodya fumbi lako."

3. Mawu a amalume

Atamaliza kugawa mazira, Kamphepo anapita kugalaja ya amalume ake, mchimwene wa mayi ake. Anawapeza akutsuka tcheni m'chitini. Iwo anavundukula poikira oyilo, n'kununkhiza, n'kupukusa mutu.

"Wapsereza mapuleti. Khala apa ndikuonetse."

Anatenga kilatchi yakale pashelefu n'kuimasula patebulo. Munatuluka timbale tozungulira, tina tachitsulo chosalala, tina tokhala ndi zigamba zokhakhala.

"Awa ndiye mapuleti," anatero amalume. "Amasanjikizana, lokhakhala kenako losalala, lokhakhala kenako losalala. Okhakhalawa amazungulira ndi injini. Osalalawa ndi a mbali ya magiya, kumene mphamvu imadzera popita kutayala. Masipuling'i anayi awa amawapanikiza kuti agwirane ngati chinthu chimodzi. Ukafinya chogwirira, waya umakoka, mapuleti amatalikirana, injini imazungulira yokha, iwe n'kusintha giya. Ukasiya, amagwirananso. Wamva?"

"Ndamva, malume."

"Tsono ukafinya theka, sanagwirane, sanasiyanenso. Akungokhulana. Polowetsa njinga mumsewu zimenezo n'zofunika, koma kwa kamphindi. Iwe umatero chitunda chonse, uli ndi mathireyi makumi awiri kumbuyo. Ndakuonapo kawiri. Zigambazi zimaperepeseka ngati chidendene cha nsapato, ndipo zikatha injini imangolira yokha, tayala osamva. Bambo ako ankatha zaka zinayi ndi mapuleti amodzi. Iwe miyezi isanu ndi iwiri."

Kamphepo anayang'ana pansi. Kenako anafunsa za masipuling'i olimba.

Amalume anapukuta manja mosafulumira.

"Alipo, ndipo si oipa. Amapanikiza kwambiri, kilatchi siterereka wamba. Anawapangira njinga za injini zikuluzikulu ndi za mpikisano. Koma mwana iwe, palibe mphamvu yaulere. Chimene sipuling'i yapanikiza, dzanja ndilo limachikoka. Ukaika olimba, chogwirira chimauma, waya umatha msanga, ndipo pofika masana mkono umachita kuwawa. Njinga yako siikusowa masipuling'i. Ikusowa mapuleti atsopano ndi woyendetsa wodziwa kutsitsa giya.

"China ndi ichi, ndipo undimvetse bwino. Njinga imeneyi ili ndi manja awiri amanzere. Lako ndi la mlamu wanga. Lako ndi lamphamvu, lingathe kufinya chilichonse. La mlamu langoyamba kumene kudzuka. Munthu amene uja chogwirira chimenechi ndiye sikelo yake, amadziyezera pomwepo ngati akuchira kapena ayi. Ukasintha sikelo iye osadziwa, wamunamiza. Anyamata a pansi pa mtengo aseka lero, mawa aseka wina, sakumbukanso. Usakonze njinga pofuna kutseka pakamwa anthu amene sakudyetsa. Ubwere Loweruka masana, tidzaike mapuleti ndi masipuling'i ake enieni. Mawa uyende pang'onopang'ono, ndipo bambo ako uwauze."

"Chabwino, malume," anayankha Kamphepo.

Koma kunyumba sananene kanthu.

4. Lachisanu masana

Tsiku lotsatira njinga inavutanso pachitunda, ndipo anyamata aja anayamba kuwomba m'manja motsatira kulira kwa injini. Wina anathamanga n'kumakankha kumbuyo, amvekere, "Tithandize agogo awoloke."

Kamphepo atatula thireyi yomaliza analowa m'sitolo ya zipangizo n'kugula mapuleti. Sanakhotere kugalaja ya amalume. Analunjika kwa Mkokomo.

Mkokomo ankaidziwa ntchito. Anakhetsa oyilo, anamasula chivundikiro cha kilatchi, ananyika mapuleti atsopano mu oyilo kuti amwe kaye. Kenako anatulutsa m'kabokosi masipuling'i anayi ofiira, onenepa kuposa akale.

"Bambo anga amafinya chogwirirachi madzulo alionse," anatero Kamphepo. "Sichiuma kwambiri?"

"Pang'ono chabe. Mwinanso ziwathandiza, dzanja lilimba msanga."

Kamphepo anatenga sipuling'i imodzi yakale n'kuipanikiza ndi zala, ndipo inagonja pang'ono. Anatenga yofiira. Sinasunthe n'komwe. Anaigwira kanthawi, kenako anaipereka.

"Ika," anatero.

Atamaliza, anakaiyesa pachitunda pomwe paja. Njinga inakwera ngati yatsopano. Anadutsa lole, anadutsanso njinga ziwiri za anyamata aja, ndipo pansi pa mtengo panamveka malikhweru. Kamphepo anaseka yekha m'chipewa chake cha panjinga.

Pobwerera kunyumba anadutsa mumsika, momwe munthu amaima n'kunyamuka kambirimbiri. Pofika pageti, zala zake zamanzere zinali zitayamba kuwawa.

5. Kanayi

Bambo anali atakhala kale pakhonde, atavala malaya awo ogwirira ntchito amene anali asanawavale chidwalireni.

"Lero ndi lero," anatero. "Dzulo kunatsala kamodzi. Mayi, siyani mbalezo, kapitawo akufunika."

Mayi anatuluka akupukuta manja pansalu. Bambo anakwera njinga, anaongola msana, anaika zala pa chogwirira.

"Kamodzi," anawerenga mayi.

Chogwirira chinabwera movutikira. Bambo anayang'ana dzanja lawo.

"Kawiri. Katatu."

Mkono unayamba kunjenjemera mpaka paphewa. Mitsempha ya m'khosi inatuluka.

"Kanayi."

Kachisanu chogwirira chinafika theka n'kubwerera. Anayesanso, zala zinaterereka. Anapumira m'mwamba, anapukuta dzanja pa buluku, anayesanso. Sichinasunthe.

Kwa aneba kunkamveka mwana akusewera ndi chitini.

"Mwina mwangotopa, abambo," anatero mayi.

"Sindinagwire kanthu lero." Bambo anatambasula zala n'kuzipinda, akuziyang'ana ngati za munthu wina. "Adokotala ananena kuti nthendayi imatha kubweranso mwakachetechete. Mwina yabwera."

Mayi anagwira pakamwa. Kamphepo anali ataima pafupi ndi tayala lakumbuyo, chipewa chili m'manja. Bambo anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo anayesa kumwetulira.

"Pepa mwanangu. Ndimati ndikupumitse, upite kukoleji anzako akamapita. Ndithandize kutsika."

Kamphepo anawagwira mkono n'kuwatsitsa. Anatsegula pakamwa, koma mayi anali atayamba kulira, ndipo iye anatsekanso.

Tsiku limenelo bambo sanadye. Anavula malaya aja, anawapinda bwinobwino, n'kuuza mayi kuti awabwezere m'sutikesi.

6. Masiku awiri

Loweruka Kamphepo anagawa mazira mwamsanga kuposa masiku onse. Pachitunda anyamata anamuimbira malikhweru, koma iye sanatembenuke. Masana sanapite kwa amalume. Madzulo anaimika njinga kuseri kwa nyumba, koma palibe anatuluka. Kampira kamene bambo ankafinya masana kanali pansi pa mpando, mphaka akukasewera.

"Lolemba ndipita nawo kuchipatala," mayi anamuuza kukhitchini, maso ali ofiira. "Akuti dzanja sakufunanso kulivutitsa. Miyezi yonse ija, mwanawe."

Lamlungu kunalibe ntchito. Kamphepo atadzuka anapeza bambo atakhala pampando kuseri kwa nyumba, pafupi ndi njinga. Anawapatsa moni n'kupita kukatunga madzi. Pobwera anawadutsanso. Atachapa zovala anadzayanika pa chingwe chimene chinali pamwamba pa mutu wawo. Bambo ankangomuyang'ana. Mayi nawo anali atasiya kulira, koma sankayankhula.

Dzuwa lili pamutu, Kamphepo anayenda wapansi kupita kwa amalume. Anawapeza kunyumba kwawo akumeta ndevu pakhonde, ndipo anawauza zonse.

"Malume, bwerani mudzachotse masipuling'iwo mawa, iwo ali kuchipatala. Akadzafinya adzaona kuti dzanja lili bwino. Sadzadziwa."

Amalume anatsuka lezala m'kapu, n'kuliika pambali.

"Kuchotsa masipuling'i ndi ntchito ya ola limodzi. Koma sindichita mobisa. Taganiza. Lachinayi dzanja lili bwino, Lachisanu lafa, Lolemba ladzukanso. Munthu ameneyo adzalikhulupiriranso dzanja lake? Adzakhala moyo wake wonse akudikira tsiku limene lidzamuthawenso. Ukufuna kuphimba bodza ndi bodza linzake, ndipo ukufuna sipanala yanga ikuthandize.

"Ndakhala m'galaja zaka makumi atatu. Amene amabwera n'kunena kuti ndalakwitsa apa, njinga yake timaikonza tsiku lomwelo. Amene amabisa, timamasula injini yonse kufunafuna, ndipo pofika poipeza nthenda, zina zimene zinali zabwino taziwononga. Mlongo wanga walira masiku awiri chifukwa cha nthenda imene kulibe. Mawa akukamubaya mlamu majakisoni ndi kumuunika mutu chifukwa cha nthenda imene kulibe. Mankhwala ake ali m'kamwa mwakomo. Pita. Ukanena, undiitane, ndibwera ndi zitsulo."

7. Kiyi

Kamphepo anapeza bambo ali pampando pomwe paja. Mthunzi unali utasuntha, koma iwo sanasunthe. Anagwada pambali pawo.

"Bambo, dzanja lanu silinabwerere m'mbuyo. Ndine. Kilatchi inatha chifukwa cha kayendetsedwe kanga, ndipo Lachisanu ndinaikitsa masipuling'i olimba. Amalume anandiletsa, koma anyamata ankandiseka pachitunda. Ndinaopa kukuuzani."

Bambo anatembenukira kunjinga. Kenako analoza injini ndi chala.

"Taona mabawuti a pa chivundikirocho. Mitu yake ikuwala, sipanala yadutsapo posachedwa. M'mphepetemo mukuoneka gasiketi yatsopano yotchinga oyilo. Ndinaziona m'mawa uno, nditabwera kuti ndidzaitsanzike njingayi. Ndinafinya ndi dzanja lamanjali, labwinoli, ndipo nalonso linamva kuuma."

"Ndiye munadziwa?"

"Kuyambira m'mawa. Mayi ako ndinawauza nthawi yomweyo kuti asiye kulira. Kenako ndinatenga mpando n'kukhala pano kudikira mwana wanga. Unandidutsa ndi ndowa. Unandidutsanso. Unayanika zovala pamutu pangapa, madzi akundidonthera."

Kamphepo anayamba kulira mosatulutsa mawu.

"Za masipuling'i sindikudandaula kwambiri," anapitiriza bambo, mawu ali otsika. "Nanenso ndinali mnyamata, ndinadulapo paipi ya utsi kuti njinga izilira. Kusekedwa kumawawa, ndikudziwa. Koma Lachisanu lija unali apa, pa tayala ili. Unandimva ndikunena kuti nthenda yabweranso. Ndinakupepesa, iwe n'kulandira kupepesako. Masiku awiri ndakhala ndikuganiza za mmene mudzakhalire ine ndikadzagona pamphasa osatha kudzuka, ndani adzanditembenuza, ndani adzakulipirira sukulu. Mawu ochepa chabe akanandichotsera zonsezo. Unali nawo, ndipo unawasunga."

"Ndikhululukireni, bambo."

"Kukhululuka ndikhululuka, ndiwe mwana wanga. Koma kukhululuka ndi kwina, kukhulupirira ndi kwina. Chinacho chimabwerera pang'onopang'ono." Anatambasula dzanja. "Kiyi."

Kamphepo anapisa m'thumba n'kupereka. Bambo anaiika m'thumba la malaya.

Mayi anali ataima pakhomo la kukhitchini. "Nanga mazira a mawa?" anafunsa.

"Ndawaimbira kale eni famu. Mawa apeza wina wogwirizira. Akuti tsiku limodzi lokha, kupitirira apo ntchitoyo aipereka kwa munthu wina mpaka kalekale. Mawa mlamu adzabwezeretse masipuling'i."

"Ndiye Lachiwiri mwanayu ayambiranso?"

"Ayi. Lachiwiri ndikatenga ndekha."

Mayi anatsika pakhonde. "Abambo, kamakumi awiri kaja simunakwanitse. Adokotala sanakuloleni. Pali chitunda chija, pali malole."

"Kunatsala kamodzi."

"Kamodzi komweko ndi kamene kamagwetsa munthu."

"Bambo, musatero," anatero Kamphepo, akadali chogwada. "Ndilangeni mwanjira ina iliyonse. Ndiziyenda pang'onopang'ono, ndizikuuzani zonse."

Bambo anadzuka pogwira mpando. Anaima kaye mpaka miyendo italimba, kenako anayamba kulowera m'nyumba. Atafika pakhomo anayankhula osatembenuka.

"Mayi, munditulutsire chipewa changa, ndione ngati lamba wake akadali bwino."

Chitseko chinatsekeka. Mayi anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, osakalipa, osaliranso.

"Dzuka," anatero. "Thamanga ukawaitane amalume ako. Ukawauze kuti zitsulo asiye, abwere okha adzawaletse bambo ako. Ine munthu ameneyu sandimvera, ndipo tangotsala ndi tsiku limodzi."

Kamphepo anapukuta maso, anatsegula geti, n'kuyamba kuthamanga.